Zitsulo mu konkire wa padoko, anayambitsa ndani?

Achimwene ena amene amagwira ntchito padoko ku Durban anditumizira imelo, akuti amaona mizati ya jeti (kamlatho kolowa m'nyanja kokochezapo zombo) itasweka mpaka zitsulo zadzimbiri kuonekera, ndiye akufunsa kuti amene anaganiza zoika zitsulo mu konkire wam'madzi ndani, ndipo mutu wake unkayenda bwino?

Achimwene, kale majeti ambiri ankamangidwa pa mizati yamitengo. Vuto linali kachilombo kam'nyanja yamchere kotchedwa Teredo, kamene kamaboola mtengo m'kati ngati anankafumbwe m'chimanga, kunja mzati ukuoneka bwinobwino koma m'kati wangotsala mphako. Anthu a ku Netherlands kanawaliza m'ma 1730 pomwe kanadya mitengo ya zipupa zotchinga nyanja.

Konkire payekha amapirira kupanikizidwa koma ukamupinda amathyoka, chitsulo ndiye chimapirira kukokedwa, ndiye kuziphatikiza nzeru inali pamenepo. Chosangalatsa n'chakuti zinayambira m'madzi momwemo, Joseph-Louis Lambot wa ku France anapanga bwato la simenti ndi mawaya mu 1848, kenako Joseph Monier, wosamalira maluwa chabe, analembetsa ku boma miphika yake ya simenti yokhala ndi mawaya ngati luso lake mu 1867. Koma amene anazisandutsa bizinesi ndi François Hennebique, analembetsa njira yake mu 1892, ndipo nthumwi yake ku Britain, Louis Gustave Mouchel, inafalitsa ntchitoyi m'madoko akumeneko, jeti ya ku Woolston ku Southampton ya mu 1899 ndi imodzi mwa zoyambirira.

Mizati ankaiumbira kumtunda, iume kaye, kenako kuikhomerera pansi pa nyanja ndi chihamala chachikulu, pamutu atauveka chipewa chofewetsa kuti usaphwanyike.

Tsono za dzimbiri zija. Omanga akalewo ankakhulupirira kuti simenti itchinjiriza chitsulo mpaka kalekale, ndipo n'zoona pang'ono, koma mchere umalowerera pang'onopang'ono makamaka konkire akakhala woonda kapena anachulutsa madzi pokanda. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, n'kukankha konkire mpaka kugamuka. Mukayang'anitsitsa mawa muona kuti powonongeka kwambiri si pansi pamadzi ayi, ndi paja mafunde amanyowetsa n'kuumanso, chifukwa pamenepo mchere ndi mpweya zonse zilipo. Ineyo sindiwanena akalewo, zimenezi zimatenga zaka kuti zioneke. Masiku ano mainjiniya amalamula konkire wochindikala pamwamba pa zitsulo, ndiye mzati wosweka uja mukaupeza tayezani ndi chala kuti zitsulo zinali patali bwanji ndi kunja, mundiuze.