Mukufuna kukoka ngolo mpaka kunyanja ya mchere? Yambani mwatsitsa katundu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, wa kwathu ku Dedza koma wokulira konkuno ku Harare. Akuti agula ngolo yokoka ndi galimoto, ya mtundu uja wokhala ndi tenti pamwamba, ndipo akufuna kutenga mayi ndi ana atatu pa tchuthi cha Disembala kukagona m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, cha ku Inhassoro, pamalo pomwe palibe khamu la anthu. Funso lawo: akonzekere chiyani, ndipo angafike tsiku lomwelo?

Achimwene, ndiyambire pa Disembala pomwepo. Musapite. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe kugombe limenelo. Freddy uja anatiliza ku Blantyre ndi ku Mulanje mu Marichi 2023, anali atayamba watera kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale, ndipo Vilankulo ndi Inhassoro ndi pafupi. Za Idai wa 2019 simufunika kuuzidwa, munaona za ku Beira ndi ku Chimanimani. Dikirani tchuthi cha Ogasiti. Kumakhala kouma, udzudzu umachepako, ndipo usiku mumagona osasamba thukuta.

Zofika tsiku lomwelo ziiwaleni. Ulendowo umapitirira makilomita 700: Harare mpaka Mutare pafupifupi 260, kutsika Christmas Pass ngolo ikukukankhani kumbuyo, kulowa pa boda ya Forbes ndi Machipanda, kudutsa Chimoio, kukhota pa Inchope kulowa mumsewu wa EN1, Muxungue, mlatho wa Save, kenako Inhassoro. Gonani pa Chimoio, mudzaze mafuta pomwepo, m'mawa kusanache mudzuke. Chigawo cha Inchope mpaka Save ndi chotchuka ndi maenje, ndipo si msewu woti mdima ukupezenimo muli ndi ana.

Pa boda ngolo imawerengedwa ngati galimoto ina payokha. Buku lake likhalepo, chikalata cha apolisi a kuno chosonyeza kuti si yakuba, chilolezo cholowera nayo kwakanthawi, ndi inshuwalansi ya ku Mozambique, chifukwa Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi yoyendera m'mayiko ena a m'chigawo chino, kumeneko sigwira ntchito. Apolisi a pamsewu amafunanso matirayango awiri ofiira, malaya onyezimira aja, ndi chikwangwani cha buluu chokhala ndi tirayango yachikasu, china kutsogolo kwa galimoto china kumbuyo kwa ngolo. Gulani zimenezi musananyamuke. Kukangana ndi wapolisi m'Chipwitikizi chothyokathyoka dzuwa likuswa mtengo si tchuthi.

Tsopano nkhani yeniyeni, yomwe ndalembera zonsezi. Ngolo imanyenga. Ukaiona ili pululu pabwalo, mtima umati tiyikemo zonse: mipando, thumba la makala, ufa wa mwezi wathunthu, njinga za ana. Ine ndinachita zomwezo ulendo wanga woyamba. Ndinakweza zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20, osaganiza kuti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye kuti makilo 120 a madzi okha, ndipo ndinaziika kumchira kwa ngolo. Titangopitirira Marondera ngolo inayamba kuvina, uku ndi uku, mayi a kunyumba atagwira chitseko ali chete, chete woopsa uja. Tinaima, tinatsitsa zonse m'mbali mwa msewu, n'kulongedzanso. Zolemera zimakhala pamwamba pa matayala, kupendekera pang'ono kutsogolo. Kumchira kumapita mabulangete.

Koma chilango chachikulu chinatidikira kumapeto, pa kanjira ka mchenga kolowera kumsasa. Galimoto yomwe imakwera zitunda za Nyanga osadandaula inangoti fwa! matayala n'kumira mpaka theka. Ndinaponda mafuta, ndiye ngati ndikudzikumbira manda. Anabwera asodzi anayi, mmodzi anagwada n'kuyamba kuphwetsa matayala anga ndi kamtengo, ine mtima uli m'mwamba. Anali wolondola. Mumchenga mpweya umatsitsidwa kufika cha pa bar 1 pa geji yoyezera mpweya, matayala a ngolo omwe, kuti tayala litambasuke lisamire. Tinamasula ngolo, galimoto inatuluka yokha, ngolo tinaikoka ndi chingwe. Choncho nyamulani fosholo, chingwe cholimba, pampu yopopera mukabwerera patala, thabwa loika pansi pa jeke, ndi tayala la sipeya la ngolo, poti la galimoto nthawi zambiri silikwana. Ma bearing a ngolo apakidwe girizi watsopano kuno ku Harare, ndipo mukaima panjira muzigwira pakati pa tayala ndi dzanja. Pakaotcha, musapitirire.

Musananyamuke imbirani eni msasawo muwafunse mafunso atatu basi: kodi ngolo imafika mpaka pogona, madzi akumwa alipo, magetsi alipo? Ngati madzi alipo, zigubu ziwiri zakwana. Nsomba muzigula kwa asodzi m'mawa akamakoka khoka, ndiye ndalama za ku Mozambique, za metical, zikhale m'thumba, zing'onozing'ono.

China chomwe ife a ku Malawi timapusa nacho: tinazolowera nyanja ya ku Salima ndi ku Mangochi, yomwe pamene waisiya madzulo m'mawa umaipeza pomwepo. Iyi ayi. Imaphwa n'kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene imakwera kwambiri. Yang'anani pomwe pathera mzere wa zinyalala za m'nyanja, tenti mumange kumtunda kwake. Galimoto isatsikire pagombe, n'zoletsedwa, komanso mchere umadya chitsulo.

Za malungo, pitani kuchipatala musananyamuke akakupatseni mankhwala oteteza, makamaka anawo, poti okulira mu Harare matupi awo sadziwa malungo. Maneti musasiye. Wina akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patapita masabata awiri, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala komwe munali.

Ufa wokha tengani wokwanira, achimwene. Nsima ya nsomba yowotcha, chilumba cha Bazaruto chikuoneka patsidya, ana anga anapempha yachiwiri ndipo thumba lomwe ndinkati litha sabata linatha Lachinayi.