Kodi kanema anayambadi chifukwa cha hatchi?

Mayi wina wanditumizira imelo: "Mwana wanga akuti kanema anayamba chifukwa anthu awiri anabetcha pa hatchi. Ndi zoona, kapena wangotola za m'maluwa?"

Amayi, mwanayo musamukalipire, wangothirako mchere pang'ono. Munthu amene akumunenayo ndi Eadweard Muybridge, wojambula zithunzi wobadwira ku Kingston upon Thames, ku England, mu 1830, yemwe anakatchukira ku California. Kumeneko kunali mpondamatiki wa njanji, Leland Stanford, amene anakhalaponso bwanamkubwa. Iyeyu ankaweta mahatchi a mpikisano ndipo ankafunitsitsa kudziwa ngati hatchi yothamanga imafika poti miyendo yonse inayi ili m'malere. Zobetchazo n'zongokometsera nkhani, palibe umboni wake.

Ntchito yoti Muybridge ajambule mahatchi a Stanford inayamba mu 1872, koma inaima. Mu 1874 Muybridge anawombera n'kupha Harry Larkyns, chibwenzi cha mkazi wake, ndipo khoti linamumasula. Mbali imeneyi mudzamuuza akakula.

Mu June 1878, pa famu ya Stanford ku Palo Alto, anandanditsa makamera 12 m'mbali mwa njira. Anapingasa ulusi panjirapo, uliwonse wolumikizidwa ku kamera yake. Hatchi yotchedwa Sallie Gardner podutsa inkadula ulusiwo umodziumodzi, kamera iliyonse n'kuthwanima panthawi yake. Hatchi inadzijambula yokha! Zithunzi zitatuluka, miyendo yonse inalidi m'malere, koma itapindikira pansi pa mimba. Akatswiri ojambula ndi penti kwa zaka zambiri ankaionetsa itatambasuka, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo. Apa ndi pamene ine ndimagoma: anthu anakhala akuyang'ana hatchi tsiku ndi tsiku, koma diso linkawanamiza onse.

Ndiye za kanema. Mu 1879 Muybridge anapanga makina otchedwa zoopraxiscope: galasi lozungulira ngati mbale, lojambulidwapo tizithunzi totsatizana, ndipo akalizunguza kuwala kukudutsamo, hatchi inkathamanga pakhoma. Kanema weniweni wa filimu anadza pambuyo, ndi anthu ngati Thomas Edison komanso abale a Lumière ku France mu 1895. Muybridge anangolambula njira.

Ku University of Pennsylvania anajambula zithunzi zoposa 100,000 za anthu akuyenda, akulimbana, akuthira madzi, komanso njovu ndi mbalame, n'kutulutsa zina mwa izo mu 1887 m'buku la Animal Locomotion. Ndi Stanford anadana: buku lina lonena za ntchito ya mahatchi ija linatuluka mu 1882 popanda dzina la Muybridge pachikuto, iye anakasumira Stanford, mlandu n'kuluza. Anamwalira kwawo ku Kingston mu 1904.