Fani ya kudenga yasiya kumvera rimoti: musathamangire kugula ina

Bambo wina wa ku Chikwawa wandilembera pa imelo kuti: "Magetsi atathima n'kuyakanso usiku, fani yathu ya kudenga sikumveranso rimoti. Mabatire ndasintha koma palibe chikuchitika. Kodi yapsa?"

Bambo, ndi mmene kumatenthera kuchigwa kwanuko mu Okutobala, ndikumvetsa kuti tulo simukutiona. Koma ndikukayika kuti fani yapsa. Mota ya fani siifa wamba. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi kabokosi kolandira uthenga wa rimoti, kamene kamabisala m'kambale kophimba mawaya kudengako.

Yambani ndi zapafupi. Switchi ya pakhoma ikhale yoyatsa, ndipo ngati fani ili ndi katcheni kolendewera, kakokeni mpaka ifike pa liwiro lalikulu. Tsegulaninso rimoti muone tizitsulo togunda batire. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga, n'kuumitsa bwino.

Poti vutoli layamba magetsi atangobwera, n'kutheka kuti kabokosi kaja kaiwala rimoti yake. Thimitsani switchi, dikirani mphindi imodzi, yatsaninso, ndipo nthawi yomweyo dinani batani la pa rimoti lolembedwa Learn kapena Set osalisiya kufikira babu la faniyo litaphethira kapena kabokosi katalira. Mukazengereza sizitheka, chifukwa mafani ambiri amapereka masekondi 30 mpaka 60 okha. Mafani akale alibe batanili. Iwo ali ndi timaswitchi tinayi tating'onoting'ono pamalo a batire, ndipo tiyenera kuloza mofanana ndi ta pa kabokosi ka kudenga. Kamodzi kokha kakasuntha, mwina ndi chala posintha mabatire, awiriwa samvananso.

Ena amati muloze rimoti pa kamera ya foni muone ngati ikuwala. Zimenezo zimathandiza pa rimoti yonga ya TV. Marimoti ambiri a fani amatumiza mafunde a wailesi, choncho musataye rimoti yabwinobwino chifukwa simunaone kuwala.

Zonsezi zikakanika, ndiye kuti mwina mphamvu ya magetsi obwera mwadzidzidzi aja inawotchadi kabokosiko. Kamagulitsidwa limodzi ndi rimoti yake, ndipo mtengo wake sufika wa fani yatsopano. Koma chonde bambo, musakwere pampando n'kuyamba kugwira mawaya a 230V. Thimitsani main switch, muitane wodziwa za magetsi. Mumupemphe ayambe walumikiza fani mwachindunji, osadzera pa kabokosiko. Ikazungulira, mota ili bwino, chofunika kusintha ndi kabokosiko. Ikamangong'ung'udza mpaka mutaikankha ndi ndodo, asinthe capacitor, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira.