"Kodi ndiyambe kuyenda ndi mpeni m'chikwama?"

Funso ili labwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaweruka kuntchito mdima utagwa. Akuti akatsika basi amayenda wapansi mphindi khumi kuti akafike kunyumba. Mwezi watha mnyamata wina anawatsomphola foni ali chiimire pa siteji, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima suli m'malo. Ndiye akufunsa ngati mpeni ungawateteze.

Pepani mayi ndi zomwe zinakuonekeranizo, koma mpeniwo usiyeni kukhitchini. Wakuba akamakufikirani amakhala atakonzeka kale, inu musanadziwe n'komwe. Pamene mukupisa m'chikwama, kupapasa pakati pa makiyi ndi mpango, iye wamaliza kale ntchito yake. Ndipo mpeni ukalandidwa umatembenukira mwini wake, nkhani ya foni n'kusanduka ya magazi. M'mayiko ambiri kuyenda nawo pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu kumene.

Chimene chingakuthandizeni ndi kudziwa kuti mbava simagwira aliyense, imasankha. Mu 1979 akatswiri awiri, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, anafotokoza kuti umbava umachitika zinthu zitatu zikakumana: munthu wofuna kuba, chinthu chosavuta kutenga, ndi kusowa kwa wina amene angaletse. Choyambacho simungachisinthe, koma ziwiri zinazo mungathe. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1981, Betty Grayson ndi Morris Stein anajambula pa vidiyo anthu oyenda mumsewu ku New York n'kukaonetsa akaidi omangidwa pa milandu yovulaza anthu, kuti aloze amene akanawaputa. Akaidi ambiri ankaloza anthu omwewo, ndipo chimene chinawasiyanitsa anthuwo chinali kayendedwe: kuponya mwendo patali kwambiri kapena pafupi kwambiri, thupi losayenda mogwirizana. Izi sizikutanthauza kuti wobedwa ndiye wolakwa, ayi. Wolakwa ndi wakubayo. Koma zikutiuza chimene maso ake amafuna.

Foni ndiyo imawononga kwambiri kayendedweko. Mutu umawerama, liwiro limachepa, dzanja limodzi lagwidwa, ndipo usiku kuwala kwake kumaonetsa nkhope yanu patali pomwe maso anu atachita chidima. Ikalira muli panjira, musaiyankhe mukuyenda. Imani pamalo owala, msana mutsamire khoma, muigwire ndi manja onse awiri, mukatha muibwezere m'thumba lakutsogolo. Mahedifoni vulani onse awiri, chifukwa mapazi a munthu wokutsatani amayamba kumveka m'khutu maso asanamuone. M'basi, musaseweretse foni pafupi ndi zenera lotsegula, makamaka basi ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono.

Yendani mbali ya msewu imene magalimoto akubwera chakutsogolo kwanu. Wotsomphola wa pa njinga yamoto amakonda kudzera kumbuyo, ndiye mukayang'anizana ndi magalimoto mumamuona akudza. Chikwama chikhale mbali yotalikirana ndi msewu, zipi ili kutsogolo. Ambiri amalangiza kupingasa lamba wa chikwama pachifuwa, ndipo n'zoona kuti opisa m'matumba zimawavuta. Koma wa pa njinga akagwira lambayo osaduka, amakugwetsani n'kukukhwekhwerezani pa phula. Choncho ngati mwapingasa, valani jekete pamwamba pake kuti lambayo asaoneke.

Pa mphindi khumi zanuzo, malo oopsa kwenikweni ndi awiri: potsikira basi ndi pa geti panu. Potsika, anthu amakhala akukonza katundu, akuwerenga chenji, maso ali pansi. Konzani zonse musanatsike, mukaponda pansi yang'anani kumanja ndi kumanzere kuti muone amene watsika nanu ndi amene wangoima popanda chochita. Pa geti, kiyi akhale kale m'manja mukadali patali. Mphindi imodzi yofufuza makiyi mumdima, msana mutapatsa msewu, ndiyo wakuba amaidikira.

Mukakayikira kuti wina akukutsatani, wolokani msewu. Akawoloka nayenso, wolokaninso. Akabwereza, palibenso chokayikira. Musapite kunyumba, mungamuonetse pokhala panu, ndipo musalowe njira yachidule. Lowani pamene pali magetsi ndi anthu, sitolo kapena pomwetsera mafuta, muimbire wina adzakutengeni. Kutembenuka n'kumuyang'ana kamodzi kumathandiza, amadziwa kuti mwamuona. Kumutong'olera maso kapena kumulalatira ndiko kuputa.

Chenjeraninso ndi wokufunsani nthawi, wokufunsani njira, kapena wokuuzani kuti mwadetsedwa kumsana n'kuyamba kukupukutani. Kawirikawiri amakhala awiri, wina wokucheza, wina wopisa. Yankhani mukuyenda, patsala masitepe awiri kapena atatu pakati panu. Akasendera, kwezani dzanja n'kunena mokweza kuti, "Imani pomwepo." Ambirife timaopa kuoneka amwano, ndipo mbava zimadalira manyazi amenewo.

Zikavuta, wina watulutsa chida, perekani. Manja aoneke, musapise m'thumba modzidzimutsa, nenani kuti, "Ndikutulutsa foni." Ponyani chinthucho chapambali, inu muthawire kwina. N'chifukwa chake ndi bwino kugawa ndalama: zochepa m'kachikwama kopereka, zina ndi makhadi pena, makiyi a nyumba m'thumba la chovala. Pamene simuyenera kugonja ndi pamene akukukakamizani kulowa m'galimoto kapena kupita kumalo obisika, chifukwa kumeneko kulibe wokuonani. Kuwani, limbanani, thawani. Pokuwa, lozani munthu mmodzi, "Bambo ovala malaya oyera, thandizeni!" Pagulu aliyense amayembekeza kuti mnzake ndiye achitepo kanthu.

Pa foni yatsopanoyo, chitani izi lero lomwe. Imbani *#06#, ituluka nambala ya IMEI ya manambala 15, yomwe ndi chizindikiro cha foni yanuyo. Ilembeni papepala lokhala kunyumba, apolisi adzaifuna. Ikani PIN pa SIM khadi, osati pa foni pokha, chifukwa wakuba amazula SIM n'kuiika m'foni ina kuti azilandira mauthenga achinsinsi ochokera kubanki. Akalakwitsa PIN katatu, SIM imatseka mpaka atapeza PUK, nambala yapadera yoitsegulira yochokera ku kampani ya foni. Yatsaninso Find My ngati ndi iPhone, kapena inzake ya Google ngati ndi Android, kuti muthe kuitseka ndi kufufuta zonse muli kutali. Ikabedwa, yambani n'kutseketsa SIM, kenako dziwitsani banki, sinthani pasiwedi ya imelo, ndiyeno kanenani kupolisi. Mapu akakuonetsani kumene foni ili, apatseni apolisi, musapiteko nokha.