Mwana akaone kaye moto, za dizilo zibwera pambuyo

Achemwali a ku Leeds, mwati mnyamata wanu wa zaka 9 wakupanikizani ndi funso loti sitima za malasha zinatheranji pomwe zinali zokongola chonchija, ndipo mukufuna malo oti mupite naye. Ambiri akuuzani za myuziyamu ya sitima ya ku York. Sindikutsutsa, koma ine ndikuti musayambire kumeneko.

Yambani ndi njanji imene mitu ya sitima ya malasha ikadayendabe. Keighley and Worth Valley Railway ili pafupi nanu pomwepo. Ngati muli ndi tsiku lonse, pitani ku Grosmont pa North Yorkshire Moors Railway. Mulawirire, ndipo musamuveke malaya oyera. Aone munthu akuponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, thukuta lili kamukamu, nkhope yakuda bii ndi mwaye. Aone akuthira madzi m'thanki. Kenako mumuuze kuti mutu ukakhala wozizira, pamafunika maola angapo moto ukuyaka madzi asanawire mokwanira kuti usunthe, ndipo ukabwerako paulendo wina achotse phulusa, pakapita masiku atsukenso boyila. Wa dizilo woyendetsa amangoliza injini, posakhalitsa wanyamuka. Yankho la mwana wanu lagona pamenepo. Pa mphamvu yonse ya m'malasha, yokafika ku mateyala sinkakwana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Yotsalayo inkathawira ku chumuni.

Mukatero ndiye pitani ku National Railway Museum ku York, kulowa ndi ulere. Mukafunse za mutu wotchedwa Evening Star, koma muyang'ane kaye pa intaneti ngati ulipo, poti zinthu zawo amazisunthasuntha. Umenewu ndi womaliza wa malasha umene kampani ya boma ya njanji, British Railways, inapanga, ku Swindon mu 1960. Mu 1965 anali atauimika kale. Zaka zisanu zokha! Ine nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa chinali chitsulo choti chikanagwira ntchito zaka makumi angapo. Akuluakulu a njanji anagamula mu 1955 zosiya malasha, ndipo pofika Ogasiti 1968 anali atathetseratu. Liwiro limenelo linawapweteka: anaoda mitu ya dizilo yamitundumitundu asanaiyese bwino, ina inkangofa panjira mpaka anaitaya isanakalambe.

Akakufunsani kuti dizilo amayendetsa bwanji sitima, musamuuze kuti ndi chimodzimodzi lole. Pa mitu yambiri injini imazunguza jenereta, jeneretayo imapanga magetsi, magetsiwo ndi amene amayendetsa mamota a ku mateyala. Ku Switzerland a kampani ya Sulzer anayesa mu 1912 kulumikiza injini mwachindunji ku mateyala, sizinayende bwino. Njira ya magetsiyi ndi imene inapambana. Ku Germany, sitima ya dizilo yotchedwa Fliegender Hamburger inayamba kuthamanga pakati pa Berlin ndi Hamburg mu 1933, ndipo ku America ina yotchedwa Pioneer Zephyr mu 1934 inachoka ku Denver kukafika ku Chicago m'maola 13 osaima. Ku Britain komwe muliko anachedwa: mutu wawo woyamba wa dizilo wa maulendo ataliatali, LMS 10000, unatuluka ku Derby mu 1947.

Musamusiye akuganiza kuti malasha anatha tsiku limodzi dziko lonse. Ku Zimbabwe, mafuta atavuta chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anakonzanso mitu yawo ya malasha ya mtundu wa Garratt ku Bulawayo, poti malasha anali nawo a ku Hwange pomwe dizilo ankachita kugula kunja. Ndipo mukadzabwera naye kumudzi patchuthi, mudzamudutsitse ku myuziyamu ya ku Chichiri. Panja pake pali mutu wakale wa malasha, adzayerekeze ndi zimphona za ku York zija.

Tengani masangweji ndi tiyi wa m'fulasiki, zakudya za m'malo oterewa mitengo yake ndi yoboola m'thumba.