Ma shock a Morris Minor musathamangire kuwataya

Achimwene, mwati Morris Minor 1000 yanu ya 1962 ikumadumphadumpha ikangoponda bampu, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kuchotsa ma shock akalewo n'kuikapo amakono aja ooneka ngati pampu ya njinga. Ine ndikuti dikirani kaye.

Ma shock a galimoto imeneyi ndi a kampani ya Armstrong, aja amati lever arm: kabokosi kachitsulo kokhala ndi mapisitoni awiri, oyilo ndi kavalavu mkati, kunja kuli mkono. Kutsogolo, mkono umenewo ndi womwenso umagwira mwendo wa thayala cha kumtunda. Ndiye ngakhale mugule amakono, kabokosiko kakhalabe pomwepo. Osinthawo amangochotsamo valavu basi.

Nthawi zambiri vuto limakhala oyilo. Anga oyamba nditatsegula munatuluka zinthu zotuwa ngati phala la dzana, pang'ono zedi, fungo lake losaneneka. Chotsani shock, mutsuke kunja bwinobwino musanamasule kalikonse, chifukwa kamchenga kamodzi kokha n'kokwanira kutseka valavu. Imangeni pa vayisi itaima monga imaimira pagalimoto. Masulani kabawuti kothirira pamwamba ndi valavu pansi, ndipo samalani timasipuling'i ndi timawashala tomwe tili m'menemo, tibwerere mmene munatipezera. Thirani oyilo watsopano, yendetsani mkono, khuthulani, mubwerezebwereze mpaka wotulukayo ayere.

Oyilo wake ndi wopepuka wa SAE 20, kapena uja amathira m'mafoloko a njinga yamoto. Wa mabuleki ayi ndithu, amawononga malabala. Ena amathira wolemera kwambiri poganiza kuti galimoto ilimba, koma mphamvu yonseyo imakathera pamabawuti. Pothira, kwezani ndi kutsitsa mkono pang'onopang'ono mpaka thovu lithe, ndipo musadzaze mpaka kukamwa. Mkono ukamalimba mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, shock ili moyo. Ukamapita pena pake wofewa ngati mulibe kanthu, mudakali mpweya kapena mapisitoni atha.

Pamene ndimagonja ine ndi pa shafti. Ngati oyilo akuchucha pomwe mkono walowera m'kabokosi, komanso mukaugwedeza cham'mbali ukusewera, pamenepo pakufunika puresi ndi munthu wodziwa kuika bushi ndi seal (labala lotchinga oyilo) zatsopano. Kumenya ndi hamala n'kungoswa kabokosi, ndipo kupeza kena si masewera.

Pochotsa ndi pomanga kutsogolo, ikani jeke pansi pa mkono wam'munsi, uja wogwira mwendo wa thayala cha pansi. Galimotoyi kutsogolo ilibe sipuling'i yozungulira, ili ndi torsion bar, chitsulo chachitali chopotoka chomwe chimakhala chitasunga mphamvu. Mukamasula kumtunda popanda chochirikiza, mwendo umagwa mwamphamvu, zala zikhoza kupita. Mabawuti anayi omangira shock muwamange zolimba, mupinde timalata tawo totsekera. Kugogoda komwe ambiri amanamizira shock kumachokera pamabawuti amenewa akakhwepa.

Kumbuyo ntchito ndi yochepa, koma yang'anani malabala a kachitsulo kolumikiza mkono. Manati onse ofinya labala muwamalize galimoto itatsika pajeke, itaponda pansi ndi kulemera kwake, apo ayi mabushi atsopanowo ang'ambika msanga. Muchite mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Mukatha, kanikizani kona iliyonse ndi thupi lanu n'kusiya: ikwere kamodzi, ikhazikike. Pakatha sabata mudzasuzumire pa shafti paja ngati sipakunyowa.