Petro anakhala pabwalopo ola lathunthu, sikunali kupunthwa

Achemwali, pa nkhani ya mlongo wanu amene wagwa m'tchimo, amene akumuuza kuti tchimo lake ndi la Yudasi osati la Petro, ndiye kulibe kobwerera, akawerengenso za usiku umene Yesu anagwidwa. Ndatopa nawo makomenti akuti Petro anangopunthwa pakamwa pokana Yesu. Kupunthwa kwanji katatu?

Madzulo omwewo anali atadzitama kuti ena onse akathawa iye yekha sathawa, ngakhale kufa afera pomwepo (Marko 14:29-31). M'munda anasolola lupanga n'kusenga khutu lakumanja la Malko, kapolo wa mkulu wa ansembe. Sanali munthu wamantha chibadwire ayi. Kubwalo la mkulu wa ansembe anachita kulowetsedwa ndi wophunzira mnzake wodziwika pakhomopo, amene anakalankhula ndi mtsikana wolondera pakhomo (Yohane 18:16). Mtsikana yemweyo ndiye anayamba kumufunsa ngati ndi wophunzira wa Yesu, osati msilikali. Iye ndi kukana. Kunja kukuzizira, antchito asonkha moto wamakala, Petro kupita kukaothera limodzi ndi anthu amene angomanga Mbuye wake. Wina am'funsanso, akananso. Tsono Luka 22:59 akuti panapita ngati ola limodzi asanafunsidwe kachitatu. Ola lathunthu, achemwali, geti lili pomwepo, nthawi yoganiza inalipo yambiri. Kachitatuko anam'gwirira pa kalankhulidwe, chifukwa Mgalileya akatsegula pakamwa ku Yerusalemu ankadziwika, ndipo panalinso m'bale wake wa Malko amene anati ndinakuona m'munda muja. Apa mpamene anayamba kudzitemberera ndi kulumbira kuti munthuyo samudziwa. Tambala kulira. Luka yekha ndi amene akuwonjezera kuti Yesu anacheuka n'kumuyang'ana. Anali pafupi moti maso ankaonana. Anatuluka n'kukalira kwambiri, ndipo pamtanda dzina lake silikutchulidwa.

Mauthenga onse anayi analemba nkhaniyi, palibe anabisa, chonsecho akale a mpingo ankati Marko analemba zimene ankamva Petro mwiniwake akulalikira.

Nanga Yudasi sanamve chisoni? Anamva. Mateyu 27:3-5 akuti anabweza ndalama zonse 30 zasiliva, anavomera ndi pakamwa pake kuti wapereka munthu wosalakwa. Kuulula ndi kubweza, zinthu zimene Petro sitimuona akuchita usiku umenewo. Koma taonani kumene anatengera mlandu wake. Anapita kwa akulu a chipembedzo, iwo n'kumuyankha kuti ife zikutikhudza chiyani, udzionere wekha. Munthu atatuluka kukadzimangirira, iwo anakhala pansi kukambirana ngati ndalama za magazi zingalowe mosungira chuma cha Kachisi, mpaka anagula nazo munda wa woumba mbiya. Ndalama anazipezera pokhala, munthu sanamupezere. Amenewa ndi amene amandiwawa, ndipo alipobe. Munthu akakaulula pabwalo la akulu, Lamlungu lisanafike nkhani yafika kale pamsika, am'letsa mgonero, am'khazika benchi yakumbuyo, koma miyezi isanu ndi umodzi ikutha wopanda ndi mmodzi yemwe wogogoda pakhomo pake. Pa chopereka pokha ndiye dzina lake saliiwala. Kenako omwewo azidzati anali Yudasi kale.

Petro chimene chinam'pulumutsa n'choti sanachoke pakati pa anzake, ndi manyazi akewo. Lamlungu m'mawa Mariya wa Magadala anam'peza ali ndi wophunzira mnzake. Uthenga wa kumanda unam'tchula dzina payekha, kuti kauzeni ophunzira ndi Petro (Marko 16:7). Pa Yohane 21 atabwerera kukasodza ku nyanja ya Tiberiya, anapeza pagombe pali moto wamakala, mawu a Chigiriki omwe aja a moto wa kubwalo, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse amapezeka malo awiri okhawa. Nsomba 153, Yesu anayamba wawadyetsa kaye, mafunso pambuyo. Katatu, kodi umandikonda, ndipo kachitatuko Petro zinam'pweteka. Sanam'nyengerere, bala analikhudza ndithu. Koma sanam'patse miyezi yoyesedwa, pomwepo anam'patsa nkhosa kuti aziweta.

Musaganize kuti mantha aja anathera pagombepo. Patapita zaka 15 kapena kuposerapo, ku Antiokeya, Petro ankadya bwinobwino ndi akhristu osakhala Ayuda, atangofika anthu ochokera kwa Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, anayamba kudzipatula, mpaka Barnaba yemwe anatengeka. Paulo anam'dzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Nthenda yake inali yomwe ija, kuopa kuti anthu amuona ali ndi ndani. Ndi munthu yemweyu amene akale amati anadzaphedwa ku Roma mu ulamuliro wa Nero, mzindawo utapsa mu 64.

Ndiye mlongo wanuyo musam'siye yekha, makamaka usiku. Ngati wayamba mawu oti bola kufa, kapena kugawa zinthu zake, musadikire pemphero la Lachitatu, pitani naye kuchipatala lero, wina azigona naye m'nyumba. Ngati pali chimene anatenga, abweze kwa mwini wake pamaso pa mboni imodzi, osati kudzera kwa wachitatu. Aulule kwa munthu mmodzi wosunga pakamwa, gulu ayi, ngakhale kuti Petro anafunsidwa anzake asanu ndi mmodzi akumva. Ndipo za udindo wa mumpingo asathamangire. Inde Petro anapatsidwa nkhosa m'mawa womwewo, koma amene ankafunsayo anali wodziwa mtima. Wanuyo akhale kaye pansi chaka, azingobwera kudzapemphera, makiyi ndi buku la ndalama zikhale kwa ena.